Mlandu wa Patsaya Langa

Unabwera ngati mlendo wamanyazi,
n'kuima pakhomo pa mphuno yakumanja,
osalowa, osatsanzika.
Sabata yachitatu unali utayala mphasa pansi pa diso.
Ndikawerama kuti ndisenze thumba la mgaiwa
nkhope yonse inkafuna kugwera m'lichero.

Ndimagwira pachigayo cha a Chilungo ku Mpondasi,
ndiye woyamba kumangidwa anali fumbi.
Akanalikanira ndani? Ndimaweruka ndili mbuu,
nsidze zoyera ngati za nkhalamba,
ndikamina, kansalu kamadzaza phala.
Abiti Sumani, mkazi wanga, anati ayi, ndi malungo awa,
anandikokera kokabayitsa chala,
koma kachipangizo kanaonetsa mzere umodzi basi.
Twaibu wakabaza anati ndi maso,
nandibwereka magalasi a malemu amalume ake.
Ndinaona msewu umodzi ukusanduka iwiri, ndinamubwezera.
Apongozi sananene zambiri.
Anangofunsa ngati uja ndinalowa m'malo mwake pantchito
akadali kundipatsa moni.

Ndinafukiza bulugamu nditafunda bulangete,
Okutobala ali pakati, dzuwa likuswa mtengo.
Panado ndinamudya ngati mtedza.
Mutu unkangosendera pang'ono
monga munthu wopatsa mnzake malo pabenchi,
kenako n'kubwerera pomwe unali.

Lachiwiri ndinakakhala pamzere kuchipatala cha paboma
kuyambira mbandakucha mpaka mthunzi utathawira kumapazi.
Amene anandiitana anali mtsikana,
pachifuwa palembedwa kuti Likaka.
Ndinkayembekeza jakisoni, iye anatulutsa mafunso.

Ukupweteka mbali zonse kapena imodzi?
Mamina akutuluka mphuno iti, ndi amtundu wanji, akununkha?
Kuwala kukamenya m'maso mumafuna kubisala?
Nseru?
Mukadutsa pomwe akuwamba nsomba, fungo mumalimva?
Tsiku lomwe magetsi azima, chigayo chili zii,
mutu nawo umapuma?

Ndinati supuma.

Anandidina pamphumi ndi zala ziwiri. Palibe.
Tsaya lakumanzere, palibe.
Lakumanja, ndinaitana mayi anga omwe ali kumanda.
Anaunika m'mphuno ndi tochi, uku ndi uku,
ndipo anati, Bambo, fumbi silisankha khomo.
Likanakhala lokha likanalowa konse kuwiri.
Tayasamulani.

Kachitsulo kanayenda pamano am'mwamba,
go, go, go, ngati munthu wosaka nyumba usiku.
Lachiwiri kuchokera kumapeto linayankha.
Ndinadzuka pampando osauzidwa.

Anajambula kuchikuto kwa buku langa lachipatala:
kuseri kwa tsaya kuli kachipinda ka mpweya,
ndipo mizu ya dzino ili yagunda pansi pake.
Dzino lawola, mafinya asowa kopita,
akwera n'kukakhala m'chipinda cha eni.
Linayamba liti kupweteka?

Ndinayang'ana kalendala ya pakhoma.
Ndinayang'ana nsapato zake.
Chaka chathunthu ndakhala ndikutafunira kumanzere,
nzimbe ndinaisiya, ndikumati ndakula,
tiyi ndimadikira azizire, ndikumati ndilibe changu.
Ine wonyamula makilo makumi asanu paphewa
ndimaopa kampando ka wozula mano.
Ndinadandaula za mphuno kwa aliyense,
za dzino sindinauze ngakhale pilo.

Anandilembera mankhwala ndi tsiku la chipinda chachisanu.
Fumbi analimasula, koma ndi chenjezo:
muzimanga kansalu kumphuno, nalonso si loyera mtima.

Kunyumba onse anali pakhonde kudikira chigamulo.
Ndinati ndi dzino.
Abiti Sumani anaseka mpaka anagwira mzati.
Apongozi anati hmm, n'kupitiriza kusankha mpunga.

Mawa lake ndinakumana ndi uja wa ntchito uja pamsika.
Ndinayamba ndine kupereka moni,
thonje lili kukamwa, mawu akutuluka mbali imodzi.